Zolemba za ntchito: kukonza masamba a katundu kuti azipezeka pa Google, pa WhatsApp ndi pa AI

Ndayamba kulemba izi chifukwa ntchito ya mtundu uwu imaiwalika msanga. Ukasintha kanthu pa tsamba lero, zotsatira zake zimadzaoneka patapita masabata, ndipo pofika nthawiyo sukumbukiranso kuti unagwira pati. Sitolo imene ndikukonza ndi ya pa intaneti. Imagulitsa nyale za sola, matochi, mabatire otchajira foni ndi machaja. Katundu wake ndi wabwino, ndamugwira ndi manja anga. Koma munthu amene sadziwa dzina la sitoloyi sangaipeze. Eni ake anandipatsa madandaulo atatu: pa Google sakuoneka, linki ikatumizidwa pa WhatsApp imafika yopanda chithunzi cha katundu, ndipo atafunsa ChatGPT za nyale za sola, inatchula masitolo ena okhaokha.

Sabata yoyamba

Sabata yonseyi sindinasinthe kanthu. Ndinangolumikiza sitolo ku Google Search Console ndi ku Bing Webmaster Tools, zida zoonetsa mmene makina osakirawa akuonera webusayiti, kenako n'kukhala pansi kuwerenga. Bing ndinaiikapo dala, ngakhale ambiri amainyalanyaza, chifukwa Copilot, AI ya Microsoft, imadalira zimene Bing yasonkhanitsa.

Lipoti la masamba mu Search Console ndi limene linayamba kunditsegula maso. Masamba amene Google yawaona koma sinawalowetse m'kaundula wake ndi ochuluka kuposa katundu yense amene ali m'sitolo. Ambiri alembedwa kuti "Duplicate without user-selected canonical", kutanthauza masamba obwereza amene mwini wake sanasonyeze lenileni. Nditatsegula angapo ndinamvetsa. Nyale imodzi ili ndi maadiresi asanu kapena kuposa: ina ili ndi mchira wa ?color=black, ina wa ?sort=price, ina inabadwa pamene kasitomala anadzera m'gulu la zotsika mtengo. Kwa munthu ndi tsamba limodzi lomwelo. Kwa loboti, pulogalamu imene imayendera masamba n'kumawawerenga, ndi masamba osiyanasiyana onena zofanana, ndipo iyenera kusankha yokha lenileni.

Chachikulu ndinachipeza Lachinayi. Ndinakoka tsamba la nyale imodzi ndi pulogalamu ya curl kuti ndione zimene seva imatumiza browser isanachite chilichonse. Kunabwera dzina la sitolo, menyu, ndi bokosi lopanda kanthu. Dzina la nyale, mtengo ndi mawu oifotokoza zimadzabwera pambuyo kudzera mu JavaScript, code imene imayenda mu browser. Googlebot, loboti ya Google, imatha kuyendetsa JavaScript, koma imayamba yaika tsambalo pa mzere n'kudzabwereranso. Maloboti a Facebook ndi WhatsApp, amene amapanga kachithunzi ka linki, sayendetsa JavaScript n'komwe. Amawerenga zimene apatsidwa ulendo woyamba, basi. Ndiye madandaulo awiri mwa atatu aja gwero lake ndi limodzi, ndipo ndikuganiza kuti lachitatu nalo mizu yake ili pomwepa.

Ndapempha wopanga template, chimango cha masamba a sitolo, kuti tsamba la katundu lizichoka pa seva lili lathunthu. Zimenezi zisanatheke, zina zonse zimene ndingachite kukhala kutunga madzi ndi dengu.

Sabata yachiwiri

Tsamba tsopano likuchoka lathunthu. Ndayesanso ndi curl, dzina ndi mtengo zikuoneka.

Ndaika rel="canonical" pa tsamba la katundu aliyense, kuloza ku adiresi imodzi yopanda mchira, kuti Google idziwe tsamba lenileni. Chizindikirochi Google, Yahoo ndi Microsoft anachiyambitsa limodzi mu 2009, ndipo chofunika kukumbukira n'chakuti Google imachitenga ngati langizo, osati lamulo. Ngati canonical ikunena adiresi ina, pamene menyu ndi sitemap (mndandanda wa maadiresi a masamba wopatsa makina osakira) zikuloza kwina, Google isankha yokha. Choncho ndakhala masiku awiri ndikuwongola malinki a m'kati mwa sitolo kuti onse aziyankhula chimodzi.

Sitemap inali ndi masamba a katundu amene anasiya kugulitsidwa kalekale. Tsopano ikupangidwa yokha kuchokera ku katundu amene alipo. Malire a fayilo imodzi ndi maadiresi 50,000 kapena 50 MB, ndiye ife tili kutali nawo. Ndachotsamo priority ndi changefreq, zonena kufunika kwa tsamba ndi kuti limasintha kangati, popeza Google saziwerenga. Lastmod, deti limene tsamba linasinthidwa komaliza, ndiye ndaikonza mosamala, chifukwa inkalemba deti la lero pa tsamba lililonse tsiku ndi tsiku. Google imakhulupirira deti limeneli pokhapokha ngati limanena zoona nthawi zonse.

Mu robots.txt, fayilo youza maloboti malo oti asalowe, ndinapeza cholakwa chimene ndachionapo kambirimbiri. Masamba osefera katundu, monga aja a ?color=black, anaikidwa noindex, chizindikiro choti asaoneke pa zotsatira, zomwe n'zabwino, koma masamba omwewo anatsekedwanso ndi Disallow. Zili ngati kupachika chikwangwani m'chipinda kenako n'kukiya chitseko: loboti singalowe kukachiwerenga. Fayilo imeneyi, yomwe Martijn Koster anaiyambitsa mu 1994 ndipo inadzalembedwa ngati muyezo m'chikalata cha RFC 9309 m'chaka cha 2022, imangoletsa loboti kuyendera tsamba. Siiletsa adiresi kuoneka pa zotsatira ngati masamba ena akuilozera. Ndatsegula chitsekocho kuti noindex awerengedwe.

Sabata yachitatu ndi yachinayi

Apa ndiye pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ya code ndi yochepa.

Ndinasankha katundu 20 amene amayenda kwambiri kuti tiyambire pamenepo. Mutu wa tsamba la nyale imene imagulidwa kuposa zonse unali wakuti "SL-200 BLACK NEW STOCK!!!". Palibe munthu padziko amene angalembe zimenezi posaka nyale. Amene akudziwa nambala ya SL-200 ndi amene anagula kale. Tsopano mutuwo ukuti "Nyale ya sola yotchajanso foni, SL-200, malumeni 200". Chinthucho chili patsogolo, dzina la sitolo kumapeto, chifukwa Google imadula mutu ukatalika, ndipo kawirikawiri zilembo pafupifupi 60 ndi zimene zimakwana. Kuyambira mu Ogasiti 2021 Google imalembanso yokha mitu yambiri imene yaiona kuti ndi yosathandiza, kutenga mawu pa mutu waukulu wa m'tsambamo. Ndaonetsetsa kuti mitu iwiriyi ikugwirizana.

Eni sitolo anandifunsa za bokosi la meta keywords, la mawu osakira amene saoneka pa tsamba, lomwe ankalidzaza mokhulupirika pa katundu aliyense. Ndinawauza kuti Google inalengeza mu 2009 kuti siliwerenga. Anakhala chete pang'ono, chifukwa maola ambiri anathera pamenepo. Nthawi imeneyo tsopano ikupita ku meta description, yomwe payokha sikweza tsamba, koma nthawi zambiri ndi mawu amene munthu amawerenga asanasankhe kudina.

Mawu ofotokoza katundu anali okopera kwa wogulitsa wamkulu. Ndinatenga chiganizo chimodzi n'kuchisaka pa Google m'kati mwa zizindikiro za mawu ogwidwa, ndipo chinatuluka m'masitolo ena ambirimbiri, liwu ndi liwu. Ngati masamba onse akunena zofanana, chifukwa choti Google isankhe lathu palibe. Choipa kwambiri n'chakuti mfundo zofunika, monga kukula kwa batire, maola otchaja ndi kulemera, zinali m'chithunzi chimene wogulitsa wamkulu anatumiza. Munthu wa maso amaziwerenga. Pulogalamu yowerengera anthu osaona siizipeza, ndipo loboti imene ikuwerenga mawu a tsamba imangodutsa. Zonse ndazilemba m'tebulo la mawu enieni, ndipo chithunzi chilichonse chili ndi alt yonena chimene chikuoneka.

Mawu oti tilembe sindinawatenge m'mutu mwanga. Ndinapempha mauthenga amene makasitomala amatumiza asanagule, ndiponso mndandanda wa zimene anthu amalemba m'kabokosi kosakira ka m'sitolo. Mafunso ake ndi omweomwe. Imayaka maola angati? Imatchaja foni kangati? Ikhoza kukhala pamvula? Batire likatha lingasinthidwe? Palibe tsamba ngakhale limodzi limene linkayankha. Pa funso la mvula, bokosi la nyale linalembedwa IPX4, ndipo tsamba linkati "yosalowa madzi". IPX4 amatanthauza kuti imapirira madzi owaza kuchokera mbali iliyonse. Kuimiza m'madzi ayi. Talemba choncho, m'mawu amene aliyense angamve.

Funso la maola ndi limene linatitengera nthawi. Bokosi likuti maola 12. Ndinatchaja nyale imodzi mpaka kudzaza, n'kuiika patebulo madzulo, n'kuyatsa pa kuwala kwamphamvu, foni ili pambali ikuwerenga nthawi. Kwa maola atatu inawala bwino moti ndinkawerenga pepala lili patali. Kenako kuwala kunayamba kufiira, mthunzi wa kapu pakhoma n'kumazimirira, ndipo patatha maola anayi ndi theka inathima. Mawa lake ndinabwereza pa kuwala kochepa, inafika mbandakucha ikuyakabe. Ndiye bokosi silikunama, koma likunena theka la nkhani.

Nditawauza eni sitolo, anati, "Achimwene, anzathu onse amalemba 12. Ife tikalemba 4 tioneka ngati tikugulitsa zachabechabe."

Ndinati, "Amayi, munthu akagula amayatsa pa kuwala kwamphamvu, chifukwa ndi kumene wagulira nyale. Ikamuthimira pakati pa usiku, sakaimba mlandu bokosi. Akadandaula kwa inu."

Tinagwirizana kulemba zonse ziwiri: maola anayi ndi theka pa kuwala kwamphamvu, pafupifupi maola 12 pa kuwala kochepa, ndipo tayesa tokha. Chiganizo chimenechi sichipezeka m'sitolo ina iliyonse yogulitsa nyaleyi, chifukwa chinachokera patebulo lathu. Tsopano katundu aliyense mwa 20 aja akuyesedwa asanalembedwe. Zikuchedwetsa, koma sindikufuna kuthamanga pa gawo limeneli.

Sabata yachisanu

Masamba ali ndi zonena tsopano, ndiye ndayamba kuzilemba m'chinenero cha makina. Schema.org inakhazikitsidwa mu 2011 ndi Google, Microsoft ndi Yahoo, ndipo Yandex inalowa chaka chomwecho. Ndi mawu amene makina osakira anagwirizana kuti aziwamva mofanana: ichi ndi Product, ichi ndi Offer, uwu ndi mtengo. Ndagwiritsa ntchito JSON-LD, njira imodzi yolembera mawuwa, yomwe Google imalimbikitsa, chifukwa imakhala payokha m'tsamba osasakanikirana ndi maonekedwe.

Rich Results Test, chida cha Google choyesera zolembazi, inakana tsamba loyamba limene ndinayesa. Template inkalemba mtengo ndi chizindikiro cha ndalama komanso koma wolekanitsa masauzande. Pa price pamafunika manambala okha, ndi kadontho ngati pali zotsalira, pamene mtundu wa ndalama umapita pa priceCurrency m'zilembo zitatu za ISO 4217, monga USD kapena EUR. Kanthu kakang'ono, koma kakalakwika mtengo sutuluka pa zotsatira.

GTIN inandipititsa kosungira katundu. Imeneyi ndi nambala ya pansi pa barcode, yoyang'aniridwa ndi bungwe la GS1, ndipo imakhala ya manambala 8, 12, 13 kapena 14, yomaliza ikhala yotsimikizira zinazo. Ndi imene imauza makina kuti nyale yathu ndi yomweyo imene ikugulitsidwa kwina. Tinatsitsa makatoni n'kumajambula barcode iliyonse ndi foni. Nyale yakuda ndi yoyera zili ndi manambala osiyana, pamene m'kompyuta zinalembedwa ndi imodzi. Katundu wina alibiretu barcode. Mnzanga wina anati tingoikapo nambala yathu ya SKU, yozindikirira katundu m'sitolo mwathu mokha, kuti bokosi lisakhale lopanda kanthu, ndipo ndinakana. Nambala yabodza ikhoza kugwirizana ndi katundu wa munthu wina, chaja yathu n'kumaoneka ngati chinthu china. Kumene kulibe GTIN talemba brand ndi mpn (nambala imene wopanga anapatsa katunduyo), ndipo kumene zimenezinso kulibe tanena poyera mu Merchant Center, kumene masitolo amapereka mndandanda wa katundu kwa Google, kudzera pa identifier_exists.

Za mitundu ndagwiritsa ntchito ProductGroup, imene Google inayamba kuilandira mu Febuluwale 2024. Nyale ndi gulu limodzi, variesBy akunena kuti kusiyana kwake ndi mtundu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi chithunzi, GTIN ndi availability yakeyake.

Chinthu chimodzi chinandikhumudwitsa. Mu template munali aggregateRating, chiwerengero cha maganizo a ogula, ya nyenyezi zisanu yolembedweratu pa katundu aliyense, ngakhale amene sanagulidwepo. Ndaichotsa. Malamulo a Google amanena momveka kuti zolembedwa m'chinenero cha makina zizigwirizana ndi zimene munthu akuona pa tsamba, ndipo ophwanya amatha kulandidwa zotsatira zoonetsa nyenyezi ndi mtengo pa webusayiti yonse. Koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, kumeneku ndi kunamiza munthu amene akufuna kutulutsa ndalama zake. Nyenyezi zidzabwerera pamene ogula enieni alemba maganizo awo, ndipo takonza uthenga wowapempha patapita masiku angapo katundu atafika.

Nditafika pa shippingDetails ndi hasMerchantReturnPolicy, zonena za kutumiza ndi kubweza katundu, ndinaima, chifukwa panalibe choti ndilembe. Lamulo lobweza katundu silinalembedwe paliponse. Aliyense woyankha makasitomala ankanena zake. Eni sitolo akhala pansi n'kusankha masiku obwezera ndi amene amalipira ulendo wobweza, ndipo tsopano lili pa tsamba lakelake. Sindinayembekezere kuti kudzaza JSON-LD kungathetse nkhani imene inakhala ikuzengerezeka chiyambire sitolo.

Sabata ya 6

Open Graph, zizindikiro zimene zimapanga khadi la linki, inachokera ku Facebook mu 2010, ndipo lero WhatsApp, LinkedIn, Telegram ndi ena amawerenga zizindikiro zomwezo. Zofunika ndi zinayi: og:title, og:type, og:image ndi og:url. Kwathu zinalipo, koma zofanana pa tsamba lililonse. Chithunzi chinali logo, adiresi inali ya tsamba loyamba la sitolo. Munthu akatumizira mnzake nyale, mnzakeyo ankalandira chizindikiro cha sitolo chabe.

Ndikamaliza kukonza tsamba ndimadzitumizira linki pa WhatsApp n'kuyang'ana. Ulendo woyamba nyale inatuluka, koma yodulidwa: panelo ya sola pamwamba kulibe, chogwirira pansi kulibe, pakati pokha. Zithunzi zathu ndi zofanana mbali zonse, pamene khadi lalikulu la linki limafuna chotambalala, 1200 kwa 630. Wojambula wakonza chimango chimodzi, katundu pakati, malo otsala m'mbali, kuti ngakhale pulogalamu ina idule, chinthucho chizionekabe chonse. Ulendo wachiwiri chithunzi sichinatuluke n'komwe chifukwa fayilo inali yolemera kwambiri. Tazitsitsa zonse pansi pa 300 KB, mu JPEG, ndi adiresi yathunthu yoyamba ndi https. Ndaikanso og:image:width ndi og:image:height kuti munthu woyamba kutumiza linki asalandire khadi lopanda chithunzi. Ulendo wachitatu inafika nyale yonse, dzina lake pansi, ndi mzere wonena maola amene imayaka. Ndinawatumizira eni sitolo osalemba mawu ena alionse, ndipo anaimba foni nthawi yomweyo.

Mapulogalamuwa amasunga zimene anawerenga koyamba. Pa Facebook pali Sharing Debugger, pomwe umadina Scrape Again kuti tsamba liwerengedwenso, ndipo LinkedIn ili ndi Post Inspector. Koma uthenga umene unatumizidwa kale m'gulu la WhatsApp umakhala momwemo mpaka kalekale. N'chifukwa chake ndakana kuika mtengo m'chithunzi kapena mu og:title. Mtengo usintha, khadi lakale lizizungulirabe, ndipo kasitomala adzabwera nalo ngati umboni. Za X (Twitter yakale) ndangowonjezera twitter:card ya summary_large_image, zina zonse imatenga ku Open Graph.

Liwiro ndinalikhudza sabata yomweyi, mwachidule. Miyezo ya Google ya Core Web Vitals ndi LCP (nthawi yoti chinthu chachikulu cha pa tsamba chioneke) yosapitirira masekondi 2.5, CLS (kusuntha kwa zinthu pa tsamba) yosapitirira 0.1, ndi INP (kuchedwa kwa tsamba kuyankha ukadina) yosapitirira mamilisekondi 200, yomwe inalowa m'malo mwa FID mu Malichi 2024. Vuto lathu linali chithunzi chachikulu cha katundu, chomwe chinaikidwa loading="lazy" ngati zina zonse, kutanthauza kuti chizibwera pambuyo. Ndachotsa pa chimenecho, ndasandutsa zithunzi za m'tsamba kukhala WebP, ndalemba kutalika ndi kutambalala kwake kuti batani logulira lisamathawe chala. Lipoti la liwiro limatenga masiku 28 apitawo, ndiye tidikira.

Sabata ya 7

Dandaulo lachitatu, la ChatGPT lija. Ndinayambira mu log ya seva, kaundula wa onse oyendera webusayiti, kusaka mayina a maloboti a AI. Analipo, akubwera, ndipo onse akubwezedwa ndi 403, yankho la seva lokaniza kulowa. Mu robots.txt munalibe chowaletsa. Chinkawatseka ndi chitetezo cha webusayiti, chimene wina anayatsa kale pofuna kuthamangitsa maloboti oba. Tikanakonza masamba chaka chathunthu, osadziwa kuti alendowo akubwerera pachipata.

Ndisanatsegule ndinafuna kuti eni sitolo amvetse kuti malobotiwa ntchito zawo n'zosiyana. OpenAI ili ndi GPTBot, yomwe inalengezedwa mu Ogasiti 2023 ndipo imasonkhanitsa mawu ophunzitsira AI. Ili ndi OAI-SearchBot, imene imathandiza kuti tsamba lizituluka munthu akasaka mu ChatGPT. Ilinso ndi ChatGPT-User, yomwe imabwera pamene munthu watuma ChatGPT kuti ikatsegule tsamba. Google-Extended, ya mu Sepitembala 2023, si loboti yapadera. Ndi dzina lolemba mu robots.txt posankha ngati mawu ako angagwiritsidwe ntchito pa Gemini, AI ya Google, ndipo kuitseka sikukuchotsa pa Google Search. AI Overviews (mayankho a AI pa zotsatira za Google), imene inayamba ku United States mu Meyi 2024, imatenga masamba amene Googlebot wamba yasonkhanitsa. Palinso ClaudeBot ya Anthropic, PerplexityBot, ndi CCBot ya Common Crawl.

Anamvetsera kenako anati, "Ndiye ofuna kundibweretsera ogula alowe. Ofuna kuphunzira pa zithunzi ndi mawu athu ayambe adikira, ndiganize kaye." Ndachita momwemo. Maganizo anga ndi oti sitolo imapindula katundu wake akadziwika kulikonse, ndipo ndinawauza, koma mawu ndi zithunzi ndi zawo. Ku chitetezo ndatsegulira maloboti osakira potsimikizira maadiresi a IP amene makampaniwo amasindikiza, chifukwa dzina lokha aliyense akhoza kulinamizira.

Fayilo ya llms.txt ndaiika. Lingaliroli analibweretsa Jeremy Howard mu Sepitembala 2024: fayilo ya Markdown yolozera AI ku masamba ofunika. Likadali lingaliro, si muyezo umene makampani onse anavomereza. Inanditengera theka la ola, ndipo sindikuidalira. Amene akugulitsa fayilo imeneyi ngati mankhwala a zonse akusocheretsa eni masitolo.

Chimene ndachiona kuti chikugwira ndi kalembedwe. AI ikamayankha munthu, imatola chiganizo chimodzi kapena ziwiri pa tsamba, osati tsamba lonse. Chiganizo chonga "imeneyi imachita bwino kwambiri pamenepa" chikachotsedwa pamalo pake chimafa, chifukwa sichinena kuti chiyani, pati. Ndabwereranso m'masamba 20 aja kuti ndime iliyonse izitchula katundu ndi dzina, ndipo yankho lizibwera m'chiganizo choyamba. Mafunso ndi mayankho ndawasiya pa tsamba ngakhale Google inachepetsa kuwaonetsa pa zotsatira mu Ogasiti 2023, popeza ogula amawawerenga, ndipo ndi mmene anthu amafunsira AI.

Ndalemba mafunso 20 ngati amene ogula amafunsa, ndipo ndimawafunsa Lolemba lililonse ku ChatGPT, Gemini, Copilot ndi Perplexity ndisanalowe mu akaunti. Mayankho amasintha ngakhale ufunse kawiri motsatizana, choncho sindikuwatenga ngati muyezo. Ndikungofuna kuona ngati tikutchulidwa, ndiponso ngati zimene zikunenedwa za ife n'zoona. Lolemba lapitali, pa funso lakuti nyale ya sola yotchaja foni imayaka maola angati pa kuwala kwamphamvu, imodzi mwa izo inayankha kuti maola anayi ndi theka, n'kuika linki ya tsamba lathu. Masamba ena onse amati 12 osanena kuti pa kuwala kotani, ndiye lathu lokha ndi limene linali ndi yankho la funsolo. Mu analytics mwayambanso kuoneka alendo ochepa okhala ndi utm_source=chatgpt.com, mchira umene ChatGPT imaika pa malinki ake.

Sabata ya 8

Sabata ino ndinalakwitsa, ndipo ndilemba kuti zisadzachitikenso. Batire lina lotchajira foni linatha. Tsamba linaonetsa bwino kuti latha, koma JSON-LD inkanenabe InStock, ndipo feed, mndandanda wa katundu wopita ku Merchant Center, inali ndi mtengo wa sabata yatha. Merchant Center inaimitsa katunduyo chifukwa cha kusagwirizanako, ndipo kasitomala wina analemba modandaula kuti anaona pa Google kuti lilipo. Chifukwa chake n'chakuti ndinalola zinthu zitatu kutenga mfundo m'malo atatu: tsamba ku database, JSON-LD ku cache (kope losungidwa) imene inkasinthidwa kamodzi patsiku, feed ku spreadsheet yodzaza pamanja. Ndinazidziwa zimenezi pa sabata yachisanu, n'kunena kuti ndidzakonza pambuyo.

Ndathera masiku atatu pamenepa. Tsopano tsamba, JSON-LD, Open Graph, sitemap ndi feed zonse zikumwa pachitsime chimodzi. Mtengo kapena kuchuluka kwa katundu kukasintha, cache ya tsambalo imafufutidwa nthawi yomweyo, lastmod imasintha, ndipo uthenga umapita ku makina osakira kudzera pa IndexNow, njira imene Bing ndi Yandex anayambitsa mu 2021. Google sigwiritsa ntchito IndexNow, ndiye kumeneko tikudalira sitemap ndi feed. Spreadsheet ija yatsekedwa. Kasitomala uja eni sitolo anamuimbira okha kupepesa.

Tagwirizananso za katundu wotha. Ngati abweranso, tsamba likhalepo, lilembedwe OutOfStock, lionetse zina zofanana ndi malo osiya imelo kuti munthu adzauzidwe. Ngati wasiyidwa koma pali womulowa m'malo, seva ipereke 301, yotumiza munthu ku watsopanoyo. Ngati palibe, 410, yonena kuti tsamba linachotsedwa. Kale masamba otere ankatumizidwa onse ku tsamba loyamba, zomwe Google imaziwerenga ngati soft 404, ndiye kuti tsamba losapezeka, ndipo munthu amene amafuna chaja ankangodabwa kuti wafika pati.

Pamene tafika ndi apa. Masamba obwereza mu Search Console akutsika sabata ndi sabata. Mwa masamba 20 aja, ambiri akutuluka ndi mtengo ndi kupezeka kwake pa zotsatira, ndipo ayamba kuoneka pa mafunso aatali amene kale sitinkaonekapo, monga onena za mvula ndi kusintha batire. Pa mawu afupiafupi ngati "nyale ya sola" tikadali kutali, ndipo ndawauza eni sitolo kuti asayembekezere zimenezo miyezi ino. Za malonda sindinenapo kanthu mpaka papite nthawi yokwanira kuyerekezera.

Masamba a magulu a katundu sindinawakhudze, akadali mndandanda wa zithunzi wopanda mawu. Maganizo a ogula enieni afika ochepa, ndipo nyenyezi ndidzaziyatsa pa katundu amene ali nawo okha. Katundu wotsala ndi wambiri kuposa amene tamaliza, ndipo aliyense ayenera kuyesedwa asanalembedwe. Sabata yamawa ndi ya matochi. Asanu ndi limodzi ali pa chaja panopa, ndipo ndiyamba kuwerenga maola ake Lolemba madzulo.